Matope a m'madzi athu samvera fomula imodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya madzi ofiira a m'mipope, paja mvula ikangoyamba nkhani imeneyi siisowa m'nyuzi mwanumu ngakhale pa Facebook, wina wajambula ndowa ya madzi ooneka ngati tiyi wamkaka, wina akuti amadzi angotipopera mtsinje osathira mankhwala, winanso akuti mathanki onse ndi akale angogwetsedwa basi. Ine ndinagwirapo ntchito yoyeretsa madzi zaka zambiri ndisanapume. Sindinali injiniya ayi, ndinali mmodzi wa aja ochezera pa siteshoni usiku, oyeza alamu (mankhwala othandiza kuti matope adikhe), otsegula mavalavu, olowa m'thanki ndi magambutsi kukapala matope, ndiye zoterezi zikamakambidwa pakamwa pamandiyabwa.

Koma chandidzutsa kwenikweni ndi mwana wa achemwali anga amene akumaliza maphunziro a uinjiniya. Anabwera kwathu pa holide ndi laputopu yake, usiku wonse kalikiliki kufananiza mafomula owerengera mmene matope amadikhira m'madzi, akuti ankolo ndikufuna ndipeze fomula yopambana onsewa ndiyo ndiilembe mu projekiti yanga. Mizere yamitundumitundu pa sikirini, yofiira, yobiriwira, yokongola ndithu. Ndinamufunsa kuti yopambana pa madzi ake ati? Anangondiyang'ana ngati ndafunsa zopanda mutu. Tinatsutsana masiku atatu ndithu mpaka amayi akunyumba anatopa nafe, ndiye ndati mwina zimene tinakambiranazo zingathandizenso owerenga ena, makamaka ana asukulu ndi anzanga amene akadali pamathankipo, chifukwa funso lakelo ndi lomwe limasokonezanso akuluakulu ena ovala mataye.

Ndinamuuza kuti tseka kaye makina akowo tenga ndowa tipite kumtsinje. Tinatunga madzi mvula itangokata, ofiira psuu, n'kuthira m'botolo la malita awiri lija la zakumwa, n'kuliika pakhonde. Mphindi isanathe mchenga unali utakhala kale pansi. Patapita maola angapo kanabwera kamzere ka dothi losalala pamwamba pa mchengawo. Koma madzi a pamwambawo, aaa, kufika tsiku lachitatu anali akadali mbuu ngati munthu watsukiramo mphale. Nde ndinati waona, botolo ndi limodzi koma muli nkhani zitatu, ndipo apa sitinathiremo alamu, sitinakhudzenso za suweji.

Fomula yoyamba imene aliyense amaphunzira ndi ya George Stokes, katswiri wa masamu wa ku Cambridge, ya mu 1851. Iye anati taganizani kanthu kamodzi kobulungira bwinobwino, kali kokhakokha m'madzi odekha. Kulemera kwake kukukakokera pansi, madzi akukakaniza, ndiye mphamvu ziwirizi zikalingana kamatsika pa liwiro limodzi osasinthanso. Liwirolo limadalira kusiyana kwa kulemera kwa kanthuko ndi kwa madzi, kunanda kwa madziwo, komanso kukula kwa kanthuko, ndipo pa kukulapa mpamene pagona nkhani chifukwa nambalayo mumaichulukitsa ndi iyo yomwe, ndiye kanthu kakachepa kakhumi liwiro lake limachepa ka 100. Tiyeni tiike manambala. Mchenga umalemera makilo pafupifupi 2,650 pa kiyubiki mita, madzi 1,000. M'madzi a madigiri 20, kamchenga kosalala ka 0.1 milimita kamatsika mamilimita 9 pa sekondi, mita imodzi kakwanitsa mu mphindi ziwiri. Kadothi ka 0.01 milimita mita yomweyo kayenda maola atatu. Kadongo ka 0.001 milimita, kamene ndi kamene kamapangitsa madzi kukhala mbuu, kafuna masiku 13, ndipo apo ndiye kuti palibe mphepo palibe wogwedeza botolo. Zimene tinaona pakhonde zija Stokes anazinena kalekale, apa ndimamuvulira chipewa.

Vuto lake amagwira m'kampata kochepa kwambiri. Kanthu kakakula madzi sakulambalalanso bwinobwino, kumbuyo kwake kumachita timafunde tozungulira, a masamu amati nambala ya Reynolds, yosonyeza ngati madzi akuyenda mosalala kapena movunduka, yadutsa 1, ndipo kamchenga ka 0.1 milimita kaja kali kale m'malire. Mukaumirira Stokes pa mchenga wa milimita imodzi akuuzani kuti utsika masentimita 90 pa sekondi, pomwe fomula yokonzedwa bwino yowerengera timafunde tija ikupatsani mozungulira 17, kusiyana kasanu konse. Pa miyala ndiye kumapita ku lamulo la Newton. Komanso mchenga wa mu Shire ndani anakuuzani kuti ndi wobulungira? Dongo ndiye ndi timapalepale, timatsika mopendama ngati tsamba la mtengo. Chinanso chimene anyamata amaiwala ndi kuzizira, madzi ozizira amananda kwambiri, pakati pa madigiri 15 ndi 25 liwiro limasiyana kupitirira kota, ndiye thanki imene ikuchita bwino ku Chikwawa mu Okutobala musaganize kuti ichitanso chimodzimodzi ku Dedza mu Juni. Apa mnyamata uja anati ndiye Stokes timutaye. Ndinati ayi, pa ngalande yotchera mchenga ija ya kumayambiriro, madzi asanafike ku mapampu, masamu a kanthu kamodzikamodziwa ndi amene amagwira ntchito ndipo safuna laputopu, kumbuyo kwa envulopu akwana.

Tsono Stokes amakamba za kanthu, sakamba za thanki. Amene anabweretsa thanki m'masamu ndi Allen Hazen wa ku America mu 1904, ndipo ananena chinthu chimene ine ndinachikana zaka zingapo ndili pantchito, kuti pa tinthu totsika patokhatokha kuya kwa thanki sikuwerengedwa, chowerengedwa ndi kutambalala kwa pamwamba pake. Ndinkati zingatheke bwanji, thanki yakuya imasunga madzi nthawi yaitali nanga. Inde imasunga nthawi yaitali koma kanthu kaja nakonso ulendo wake wopita pansi watalika, ziwirizi zimafafanizana ndendende. Chotsala ndi kugawa madzi olowa pa ola ndi malo a pamwamba pa thanki, mumapeza nambala yooneka ngati liwiro, ndipo chilichonse chotsika mofulumira kuposa nambala imeneyo chigwidwa chonse. Thomas Camp mu 1946 anazilongosola bwino, nawonjezera kuti tochedwa tija natonso sitipulumuka tonse, timagwidwa molingana ndi gawo la liwiro lake pa nambala ija. Chitsanzo chongopeka kuti timvane: thanki ya mamita 20 m'litali, 5 m'lifupi, pamwamba pake masikweya mita 100, mukulowa makiyubiki mita 100 pa ola. Nambala yathu ndi mita imodzi pa ola. Mchenga wonse ugwidwa, chilichonse choposa pafupifupi 0.02 milimita chigwidwa. Kadothi ka 0.01 kaja kamatsika masentimita 32 pa ola ndiye pa timadothi titatu tigwira kamodzi. Dongo la 0.001 sitigwira olo limodzi pa 100. Ndiye tiyerekeze tauni yakula, mabwana akuti pompani kawiri kuti anthu asadandaule kuti mipope yauma, thanki ndi yomweyo, nambala ija yafika mamita awiri pa ola, zimene zinkagwidwa dzulo lero zikudutsa kupita ku mafyuluta, mafyuluta atsekeka msanga, ogwira ntchito akuwatsuka kawirikawiri ndi madzi oyera omwewo amene anthu akudikira. Owerenga amene amafunsa kuti bwanji mvula ikagwa yambiri mpamene madzi amasowa, gawo lina la yankho ndi limeneli.

Nzeru ya Hazen yomweyi ndiyo inabala timapaipi ndi timalata topendeketsa tija mumationa m'mathanki atsopano, toimikidwa pa madigiri 55 kapena 60. Kalata kalikonse kali ngati kathanki kosaya, kanthu kakungoyenda masentimita ochepa kafika pansi, matope n'kumatsetsereka okha, ndiye malo odikhira achuluka kangapo popanda kugula malo ena kapena kuthira konkire ina. Koma kuya musakunyoze kwenikweni, matope amafuna pokhala, thanki ikakhala yosaya kwambiri madzi othamanga amawakolopanso.

Tsono apa mpamene ine ndi mnyamata uja tinakanganira kwambiri. Dongo silingadikhe lokha m'maola atatu kapena anayi amene madzi amakhala m'thanki, ndipo kuwonjezera pa kuchepa kwake timadongoti tili ndi mphamvu ya magetsi yofanana ndiye timakankhana ngati maginito mukawalozetsa mbali zofanana. Alamu ntchito yake ndi kupha kukankhanako, timadongo n'kugwirana kupanga timibulu tofewa ngati thonje lonyowa, pantchito timangoti floc. Floc akangopangika Stokes ndi Hazen onse awiri amayamba kunama. Kambulu kamayamba ulendo kali kakang'ono, m'njira kagunda kanzake kakula, liwiro lasintha, kagundanso kena, ndiye mu fomula muja mulemba kukula kwake kuti? Kulemera kwake nakonso si 2,650 ayi, mkati mwake mwadzaza madzi, kamangoposa madzi pang'ono chabe, ndipo kakamakula kamanka kapepukirapepukira. Apanso kuya kwa thanki kwayamba kuwerengedwa chifukwa ulendo ukatalika mwayi wogundana umachuluka. Iye anati ankolo pali mafomula atsopano owerengera mapangidwe a timibuluto, ndinati ndikudziwa alipo, koma manambala oika mmenemo uwatenga kuti? Anati pa intaneti. Eee, a mtsinje uti? Anati wa ku Ulaya. Basi ndinaseka mpaka kutsokomola. Njira imene mabuku enieniwo amavomereza pa matope amtunduwu ndi kuyesa, mumatenga paipi yaitali ngati kuya kwa thanki yanu, mumaboola timipopi m'mbali motalikirana, mumadzaza madzi enieni a mtsinje wanu othira alamu, ndiye pakapita mphindi zakutizakuti mumatunga pa kampopi kalikonse n'kuyeza matope otsala. Pamenepo mujambula mizere yanuyanu, ndipo popanga thanki yeniyeni mumawonjezera nthawi ndi kota kapena theka, ena amapitirira apo, chifukwa m'paipi mulibe mphepo. Muyeso wa alamu nawonso sutuluka mu fomula, umatuluka mu jar test, mabotolo asanu ndi limodzi pa tebulo, lililonse muyeso wake, mukuvundula n'kumaonerera kuti ndi liti layera msanga. Madzi a mtsinje amasintha pa ola limodzi mvula ikagwa kumtunda, amene anayeza alamu m'mawa n'kukagona ndiye amene amakutumizirani tiyi wamkaka uja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ntchito imeneyi ndi yokhala pansi n'kumayang'ana.

Ndipatuke pang'ono, pakuti ambiri sadziwa kuti nthanga za chammwamba zimagwira ntchito ngati ya alamu. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku yunivesite ya Leicester anakaziyesa pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo konkuno nthawi ya mvula, madzi ovunduka kwambiri anayera ndithu. Koma floc wa chammwamba si wofanana ndi wa alamu, ndiye ngakhale mtsinje ukhale womwewo mukasintha mankhwala muyambirenso kuyesa.

Chimene masamu onse ndatchulawa amagwirizana n'choti madzi amalowa mwaulemu, kuyenda mofanana ngati asilikali pa perete, n'kutuluka nthawi yake itakwana. Ine thanki yotero sindinaionepo. Pamalo ena pamene ndinagwira, sinditchula, kunabwera katswiri wina wochita kuitanidwa ndi mapepala ake, atawerengera anati thanki yanuyi ndi yokwana, madzi amakhalamo maola atatu, ngati akutuluka akuda ndiye kuti anyamata anuwa ndi aulesi. Zinatiwawa zedi. Mkulu wina amene tinkagwira naye, sukulu sanapite nayo patali koma maso ake anali akuthwa, anamukokera pambali pa thanki tsiku la chimvula namuonetsa mmene madzi amatope akulowera. Madzi odzaza matope amalemera kuposa amene ali kale m'thanki, ndiye salowa mofanana ayi, amangomira pakhomo pomwepo n'kumakwawa pansi ngati njoka, kukagunda khoma la kumapeto n'kudzuka nawo matope onse kukatulukira pamwamba, ola lisanathe n'komwe, pomwe madzi ena m'makona angokhala phee osayenda. Masana a dzuwa lamphamvu zimatembenuka, madzi ofunda olowa amayandama pamwamba pa ozizira n'kuthamangira potulukira. Mwera ukawomba ndiye ina nkhani. Tinaika khoma loboolaboola pafupi ndi polowera kuti madzi azigawikana, zinthu zinasintha kwambiri, katswiri uja mu lipoti yake analemba ngati nzeru inali yake, koma zimenezo tizisiye. Masiku ano pali mapulogalamu a kompyuta otchedwa CFD amene amatha kujambula kukwawa kumeneku, amagawa thanki m'timabokosi tambirimbiri n'kuwerengera kalikonse, ndi abwino ndithu pofuna kudziwa poika khoma musanawononge simenti, koma liwiro la matope mumawauza ndinu, mukawauza bodza amakujambulirani bodza lokongola lamitundumitundu. Chikomekome cha mkuyu.

Tsono tipite ku suweji kumene mnyamata uja kwenikweni projekiti yake inali. Kumeneko matope amakhala ochuluka moti kanthu sikatsikanso kokha. Amene anaonererapo thobwa likudikha m'botolo andimvetsa, simuona kambewu kamodzikamodzi kakugwa ayi, mumaona mzere, pamwamba madzi pansi nsenga, mzerewo n'kumatsika wonse pamodzi pang'onopang'ono. Tinthu tathinana, kuti titsike madzi a pansi ayenera kupeza mpata wokwera, ndiye tonse timachedwetsana ngati anthu potuluka m'bwalo la mpira pa geti imodzi. Oyamba kuyesa zimenezi sanali amadzi n'komwe, anali a migodi, Coe ndi Clevenger mu 1916. Kenako Kynch mu 1952 anati liwiro pamalo aliwonse limadalira chinthu chimodzi, kuchuluka kwa matope pamalo omwewo. Richardson ndi Zaki mu 1954 anapereka fomula yosavuta, mutenge liwiro la kanthu kamodzi muchulukitse ndi gawo la malo otsala a madzi, gawolo litadzichulukitsa lokha ka 4.65 pa tinthu tating'ono. Zikumveka zovuta koma zotsatira zake n'zomveka, tinthu tikatenga 10 peresenti ya malo liwiro limatsala pafupifupi 61 peresenti, tikatenga 20 limatsala 35. Pa mchenga ndi timikanda ta mu labu imagwira bwino kwambiri. Pa matope a suweji imavuta chifukwa amenewo ndi mabakiteriya amoyo ogwiranagwirana, malo amene atenga muwayeza bwanji poti mbali yake yaikulu ndi madzi omwe.

N'chifukwa chake a suweji anakonda fomula ya Vesilind ya 1968, imene imagwiritsa ntchito magalamu a matope pa lita, chinthu choti labu iliyonse ingayeze, ndipo imangofuna manambala awiri ochokera pa kuyesa m'silinda. Matope akamachuluka liwiro limagwa mofulumira, basi. Pansi pa thanki ndi pakati imanena zoona. Chilema chake chili pamwamba, chifukwa malinga ndi iyo matope akachepa kwambiri mpamene amathamanga kwambiri, ndiye madzi otuluka akanakhala oyera mbee nthawi zonse, pomwe zoona zake pamwamba pamatsala tizidutswa tating'ono tolephera kugwirana ndi anzake, totsika monyinyirika, ndipo timeneto ndi timene timakathera mumtsinje. Takács ndi anzake Patry ndi Nolasco mu 1991 anawonjezera chigawo chachiwiri pa fomulayo kuti liwiro litsikenso matope akachepetsetsa, nagawa thanki m'magawo khumi osanjikizana, ndipo modelo imeneyi inafala kwambiri m'mapulogalamu owerengera malo oyeretsera suweji. Koma nayonso inapezeka ndi nthenda yake, mukasintha magawo aja kuchoka pa khumi kupita 30 kapena 50 yankho limasintha, chonsecho thanki ndi yomweyo matope ndi omwewo, kusonyeza kuti mbali ina ya yankho ikuchokera ku kaduliridwe kanu ka thanki. Komanso siwerengera bwino zochitika pansi penipeni pamene matope atsamirana n'kumafinyana okha madzi n'kumatuluka ngati mukufinya chinangwa chonyika. Raimund Bürger wa ku Chile ndi Stefan Diehl wa ku Sweden ndi anzawo cha m'ma 2011 anakonza zimenezi, modelo yawo mukamawonjezera magawo yankho limanka likhazikika pamalo amodzi, ndipo muli kufinyana kuja ndi kuvunduka kwa polowera. Mnyamata wanga anali atasankha kale imeneyi kuti ndiyo yopambana, ndipo pa masamu okhaokha sindingamutsutse, ndi yolongosoka kuposa zinzake. Koma imafunanso manambala ambiri, ena ovuta kuyeza, ndiye ukakhala ulibe zida uyamba kulota manambala, mapeto ake Vesilind wa manambala awiri oyezedwa bwino pa matope ako amakuuza zoona kuposa modelo yapamwamba yodyetsedwa zongoganizira. Ngakhale akatswiri a ku yunivesite ya Cape Town, George Ekama ndi Gerrit Marais, atafananiza masamu a mtunduwu ndi mathanki enieni anapeza kuti ndi bwino kungodalira pafupifupi 80 peresenti ya katundu amene pepala likuti thanki ingasenze.

Ndipo ndinamukumbutsa kuti ayang'ane kaye kwathu kuno kuli chiyani. Mamodelo a Takács ndi Bürger anapangidwira mathanki a suweji yopopera mpweya, pomwe kuno suweji ina imathera m'madamu ngati a ku Kauma ku Lilongwe, ina m'maseputiki thanki a kuseri kwa nyumba, yambiri ndiye m'zimbudzi zokumba. M'damu madzi amakhala masiku, za liwiro la kutsika si nkhani yaikulu, nkhani ndi yoti matope adzaza liti. Kwa madera otentha mabuku amawerengera malita pafupifupi 40 pa munthu pa chaka, ndiye damu loyamba likapanda kukapidwa zaka n'zaka malo a madzi amachepa, masiku aja asanduka maola, zonyansa n'kumangodutsa. Poyeza pake ndi ndodo yaitali yokulunga nsalu yoyera, kuizika m'damu n'kuona pamene pada. Kwa amene ali ndi mathanki opopera mpweya, muyeso wakale wa SVI wa m'ma 1930, woona malo amene galamu imodzi ya matope imatenga ikadikha, ukadali ndi ntchito, silinda ya lita imodzi ndi wotchi, mphindi 30, matope akakhala pa mamililita 300 ndipo mu lita muli magalamu atatu ndiye kuti SVI ndi 100, zili bwino, ikadutsa 150 dziwani kuti matope ayamba kufufuma ndipo posachedwa asefukira. Ndi muyeso wosakwanira inde, a masamu amaunyoza, koma umachitika tsiku lililonse ndi munthu mmodzi.

Ku mbali ya madzi akumwa, Blantyre madzi ake ambiri amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, Lilongwe mumtsinje wa Lilongwe kudzera m'madamu a Kamuzu, ndipo aliyense amene wadutsa ku Ntcheu ndi Balaka nthawi ya dzinja waona mtundu wa madzi amene Rivirivi amathira mu Shire. Mitengo inatha m'mapiri, anthu akulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anagumula magomo, ndiye matope amene akubwera lero si amene ankabwera pamene mathanki ambiri m'dziko muno ankajambulidwa. Thanki ikhoza kukhala yolimba yopanda mng'alu koma manambala amene anaipangira anatha ntchito. Ndipo nkhaniyi si ya maonekedwe okha, kolorini sagwira bwino m'madzi ovunduka chifukwa tizilombo timabisala m'matopemo, a WHO amafuna kuti pothira kolorini madzi akhale pansi pa 1 NTU (muyeso wa kuvunduka kwa madzi) ngati n'kotheka, ndipo tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 mmene anatipwetekera.

Ndiye pempho langa kwa inu akonzi, mtolankhani wanu akamapita kukafunsa za madzi ofiira asamangobwera ndi yankho lija lakuti tikukonza vutoli. Afunse kuti lero madzi a mtsinje alowa ndi NTU zingati ndipo atuluka ndi zingati, thanki inapangidwira mamita angati pa ola ndipo pano ikulandira angati, jar test yachitika kangati chiyambire m'mawa, nanga kuyesa kwa paipi kuja kunachitika liti komaliza ndi madzi a dzinja osati a chilimwe. Mafunso amenewa ogwira ntchito pamathanki amawadziwa mayankho ake ndipo ambiri angakondwe kuti wina wawafunsa. Kwa aphunzitsi a m'makoleji athu, anawa muziwatumiza kumtsinje mu Januwale ndi zigubu, manambala a matope a Shire, Lilongwe, Likangala ndi Lunyangwa alembedwe pamalo poti wina aliyense angawapeze, chifukwa pano mwana akafuna manambala akumakabwereka a mitsinje imene sanaionepo.

Mnyamata uja anabwerera kusukulu asanavomere kuti ndamugonjetsa, akuti Bürger ndi Diehl aikabe mu projekiti, ndinati ika palibe choletsa bola manambala akhale ako. Anatenga paipi ya pulasitiki ya mamita atatu imene inatsala pomanga bafa, waboola timipopi tisanu. Dzulo wandiimbira kuti kampopi kachitatu kakudontha, ndimutumizire ya guluu pafoni.

Ndine wowerenga wanu,
Wopuma ntchito ya zamadzi,
Zomba